Jekete la M'katoni

1. Envelopu yakhaki

Patatha masabata atatu chimuikireni Kabwana m'manda, kunyumba kunafika mlendo wa njinga yamoto. Linali Loweruka m'mawa. Chisamba, mwana woyamba wa m'nyumbamo, ankakolopa pakhonde. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa kusekondale.

Kabwana anali mng'ono wake. Anamwalira ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu. Dzinali anamupatsa ndi Ababa chifukwa kamwanako kankalamula nyumba yonse ndi chala chimodzi. Kakaloza kapu, munthu ankathamanga. Kakaloza pakhomo, munthu ankakanyamula. Tsopano nyumba inali zii, yopanda woilamula.

Matenda ake anazunguza madokotala. Anayamba ndi kukana kudya, kenako kusanza, kenako tulo tosadzuka bwino. Tsiku lomaliza anakomoka katatu. Anamuyeza malungo, sanawapeze. Atamwalira, madokotala anapempha kuti atenge magazi, tsitsi ndi tizidutswa ta chiwindi ndi impso kuti akatiyeze kulabu yaikulu. Ababa anasaina chikalata chovomereza.

Mlendoyo anali bambo wa imvi, wogwira ntchito za umoyo. Anthu ankangowatchula kuti Azaumoyo. Anakhala pampando, chikwama ataika pamiyendo, n'kutulutsa envelopu yakhaki. Ababa ndi Amayi anakhala moyang'anana nawo. Panalinso Azakhali, mlongo wawo wa Ababa, amene anabwera kudzalira maliro koma anaiwala njira yobwerera kwawo. Chisamba anaima pakhomo chokolopera chili m'manja.

"Pepani kuti ndabwera kudzatukula chilonda," anatero Azaumoyo. "M'thupi mwa munthu muli zinthu zoyenera kukhalamo, monga madzi ndi mchere. Muli zina zimene timaikamo dala ngati mankhwala. Koma m'thupi mwa mwana wanu tapezamo mtovu. Mtovu si chakudya, si mankhwala. Mwana sayenera kukhala nawo n'pang'ono pomwe. Wanuyu anali nawo wochuluka mwakuti oyeza anabwereza kawiri, poganiza kuti makina alakwitsa. Ndipo sunalowe tsiku limodzi. Unkalowa pang'onopang'ono kudzera pakamwa, kwa miyezi ingapo."

Maso onse anatembenukira kwa Ababa. Iwo anangoti mutu pansi zyoli. Chokolopera chinapulumuka m'manja mwa Chisamba, koma palibe anacheuka.

2. Lamulo la Ababa

Ababa ankagwira ntchito pamalo ophwanyira mabatire akale a galimoto. Ankawaswa ndi nkhwangwa, kukhuthula asidi, kuchotsa zitsulo zotuwa za m'kati ndi kukazisungunula pang'anjo. Zitsulo zotuwazo ndiye mtovu. Pofika madzulo munthu ankakhala mbuu, kuyambira m'tsitsi mpaka kumapazi.

Komatu Ababa sanali munthu wamphwayi, tisawanamizire. Akaweruka sankalowera khomo lakumaso. Ankazungulira kuseri, kuvula zovala zantchito m'kashedi, kukhoma loko, n'kusamba pampopi ndi sopo wawowawo. Kabwana ankakhala akukuwa pazenera manja ali m'mwamba. Iwo ankangoti, "Dikirani bwana, wantchito wanu ayambe wasamba."

Miyezi isanu m'mbuyomo, kuntchito anawapatsa jekete latsopano n'kuwatuma kutauni ina kuti akathandize kumanga ng'anjo. Anayenera kukakhalako miyezi iwiri. M'mawa wa ulendowo anamuitana Chisamba kuseri, n'kumupatsa thumba lapulasitiki lomanga pakamwa.

"Mwanangu, umve bwino," anatero. "Muno muli jekete langa lakale. Basi ikundisiya, sindikwanitsa kukumba. Ukabwera kusukulu ukumbe dzenje lakuya kumpanda uko, ulikwirire. Usalitsegule. Usalichape, chifukwa madzi ake adzaipitsa beseni. Usapatse munthu, ngakhale atabwera wosauka akunjenjemera ndi chisanu. Kuntchito kwathu kuli madala ena amene akhala pang'anjo zaka makumi awiri. Manja awo ali lende, sangathe kumanga batani la malaya awo. Chinawapundula si nkhwangwa kapena moto, ndi fumbi. Fumbi limeneli silinunkha, silipweteka polowa. Limagwira ntchito yake mwakachetechete. Ine ndine wamkulu, thupi langa limalimbana nalo. Mwana wamng'ono sangalimbe. Wamva?"

"Ndamva, Ababa," anayankha Chisamba.

Kumva anamvadi. Koma tsikulo kunagwa chimvula, ndipo thumbalo analiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake kuti akwirire mawa. Mawa ameneyu wapha anthu ambiri.

Amayi ankasoka mayunifolomu kufakitale ndipo ankaweruka faifi koloko. M'mawa Kabwana ankatsala kwa mayi wina woyandikana nawo. Chisamba akabwera kusukulu ankakamutenga. Kuyambira tsiku limene Ababa anachoka, mwanayo ankalira osatonthola. Ankaloza pazenera n'kumati, "Baba! Baba!" mpaka mawu kusasa. Chisamba anamubereka, anamuimbira, anamugwedeza, koma ayi ndithu. Mabuku anali chitsegulire, osawerengeka.

Tsiku lachitatu Kabwana anakwawira kuseri kwa chitseko n'kuboola thumba lija ndi tizala take. Anakoka mkono wa jekete, n'kulinunkhiza. Kulira kunatha pompo. Anaika kolala m'kamwa, n'kugona.

Chisamba anakutumula jeketelo panja kawiri. Fumbi looneka linachoka, iye n'kuganiza kuti zonse zatha. Kuyambira pamenepo masana aliwonse ankaliyala pamphasa m'chipinda mwake, Kabwana n'kumagonapo akuyamwa kolala, iye n'kumawerenga mwamtendere. Ikamakwana faifi ankalipinda n'kulibisa m'katoni ya mabuku kunsi kwa bedi. Ababa atabwerako ku ulendo uja anafunsa za dzenje lija. Iye anati anakwirira kalekale. Ndipo anapitiriza kumugoneka Kabwana pajeketepo.

Anthu oyandikana nawo ankamuyamikira. "Mtsikana uyu ali ndi dzanja la ana," ankatero. "Mwana wovuta uja wangoti duu." Chisamba ankasekerera mwamanyazi.

Pa tsiku la mlendoyo, jekete lija linali likadali m'katonimo.

3. Kamakina kafufuza

Azaumoyo anatulutsa kamakina kokhala ngati tochi yaikulu. Anati akakagunditsa pa chinthu chokhala ndi mtovu wambiri kamalira. Anayamba ndi kukhitchini. Anayeza mapoto, makapu ndi kambale ka Kabwana. Kamakina kanali chete. Anayeza utoto wa pakhoma, bedi la makolo, zidole ndi dothi la pabwalo. Chete. M'kashedi mokha ndi mmene kanalira.

"Mwana ankalowa muno?" anafunsa.

"Sanapondemo chibadwire," anatero Ababa. "Kiyi ndimayenda naye."

Anabwerera m'nyumba n'kuima pakhomo la chipinda cha Chisamba. Iye anali ataima pomwepo, msana atatsamira mphuthu.

"Nanga muno? Mwana ankakhalamo?"

Chisamba sanasunthe pakhomopo. Anayang'ana Ababa, anayang'ana Amayi.

"Ayi," anatero. "Tinkakhala pabalaza."

"M'menemo mumangokhala mabuku," anawonjezera Amayi. "Mwanayu safuna kuti ena azimugwirira zinthu zake."

Azaumoyo anadutsa. Bodza la Chisamba linali la mawu atatu basi, ndipo linayenda bwinobwino.

Atakhalanso pabalaza, Azaumoyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Bambo, nyumba yanu mumaisamala kuposa anzanu ambiri. Ndiye tithandizane kuganiza. Kodi palibe china chimene mwanayu ankadya kapena kupakidwa m'kamwa? Kanthu kalikonse kosachokera kuchipatala."

Kenako Amayi anagwira pakamwa.

"Kaufa," anatero chapansipansi. "Pamene ankamera mano a m'mbali ankavutika. Mnzanga wa kufakitale anandiuza za kaufa kena kogula pamsika. Ndinkamupaka m'nkhama."

"Kapepala kake kalipo?"

"Kanatha. Ndinataya."

"Popanda kukayeza sindinganene kuti ndi kameneko," anatero Azaumoyo mosamala. "N'zoona kuti tiufa tina tosadziwika kochokera timapezeka ndi mtovu. Koma musathamangire..."

Azakhali sanadikire kuti chiganizo chithe. Anaomba m'manja kamodzi n'kuimirira.

"Ndinanena ine! Achimwene, ndinanena kapena sindinanene? Inu kusamba pampopi ngati mlendo pakhomo panu pomwe, kuzizidwa tsiku ndi tsiku kuteteza ana, pamene poizoni akulowera khomo lakumaso m'chikwama cha mayi wake! Alamu, chipatala chili apa, mwendo umodzi. Munasowa chiyani? Mwana wa mchimwene wanga mwamudyetsa imfa ndi chala chanuchanu!"

"Achemwali, khalani pansi," anatero Ababa. Koma ananena mofooka, ndipo sanawayang'ane Amayi n'komwe. Chimenechi n'chimene chinawapweteka Amayi kuposa mawu onse a Azakhali.

Amayi sanadziteteze. Anayang'ana chala chawo chamkombaphala nthawi yaitali, n'kunyamuka kulowa kuchipinda.

4. Chikwama pabedi

Azaumoyo anatuluka kukalemba mafomu awo pakhonde. Chisamba anapita kumpopi ngati akukatunga madzi, koma ndowa anaiiwala m'nyumba. Azaumoyo anamuona n'kumukodola.

"Ndiwe unkamulera masana eti? Pepa, mwanangu. Ndikuuze chinthu chimodzi chimene ndaphunzira pa ntchito ino. Ine si wapolisi. Sindifufuza munthu, ndimafufuza chinthu. Munthu akalakwa amalira, amapepesa, nkhani imatha. Koma chinthu sichilira, sichipepesa. Chikapanda kupezeka chimakhala pomwe chili n'kumadikira mwana wina. Ndayenda m'makomo ambiri. Ndaona mabanja akutha chifukwa cha kuloza chala munthu wolakwika, pamene wodziwa zoona ali pomwepo, pakamwa atatseka chifukwa cha mantha. Mantha si tchimo. Koma mantha ako akamalipiridwa ndi munthu wina, pamenepo ndiye pavuta. Ukakumbukira kanthu, ngakhale kooneka kopusa, undiuze."

"Chabwino," anatero Chisamba, maso ali pansi.

Analowa m'nyumba. Chitseko cha kuchipinda cha makolo chinali chotsegula. Pabedi panali chikwama chachikulu, ndipo Amayi ankapinda madiresi awo limodzilimodzi, mwadongosolo ngati ali kufakitale.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kwathu, mwanangu. Palibe wandithamangitsa. Koma sindingadye mbale imodzi ndi bambo ako, iwo akuyang'ana dzanja ili." Anakhala pabedi n'kumukoka kuti akhale pafupi. "Iwe utsala, umalize sukulu. Ndipo umve zimene ndikuuze, chifukwa ine ndaphunzira mochedwa. Mwana akamalira, mtima wa mayi umasokonezeka. Umangofuna chilichonse choti atonthole. Pamenepo m'pamene munthu umalakwira. Kulira sikupha mwana. Chimapha ndi changu chofuna kumutontholetsa. Ukadzakhala ndi wako, udzamulole alire uli naye pamzere wa kuchipatala. Usadzamvere za m'maluwa ngati ine. Ndinkafuna kugona, mwanangu. Ndinkatopa. Ndinagula tulo tanga ndi moyo wa mwana wanga."

Misozi inali chuchuchu, koma mawu awo sanagwedere. Anamusisita Chisamba kumutu.

"Iwe ndiwe unali mayi wake weniweni. Kwa ine ankalira, kwa iwe ankagona. Mulungu akudalitse chifukwa cha masana onse aja."

Abale, pali mawu okoma amene amapweteka kuposa chikwapu. Chisamba akanatha kupirira kukalipa kwa Azakhali mpaka chaka chamawa. Koma dalitso ili linamulemera. Anachotsa mutu wake pansi pa dzanja la Amayi, n'kutuluka.

Amayi anatseka zipi ya chikwama.

5. Katoni pabalaza

Amayi atatulukira pabalaza ndi chikwama chawo, Ababa anaimirira. Azakhali anayang'ana kumbali, milomo atakweza. Azaumoyo analowa kudzatsanzika.

Nthawi yomweyo Chisamba anatuluka m'chipinda mwake akukoka katoni. Anaifikitsa pakati pa balaza, n'kugwada. Anachotsa mabuku limodzilimodzi. Pansi pake anatulutsa jekete lotuwa, lopindidwa bwino. Kolala yake inali yofewa ndi yothothoka ulusi, ngati nsonga ya nzimbe yotafunidwa.

Ababa analizindikira. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Yezani ili," anatero Chisamba.

Azaumoyo anavala magolovesi n'kugunditsa kamakina pakolala. Kanalira mosalekeza, mokweza kuposa m'kashedi muja. Anakazimitsa msanga, koma onse anali atamva.

"Sindinakwirire, Ababa. Ndinakunamizani. Ndanamizanso bambo awa lero." Mawu ankatuluka modukaduka. "Kabwana ankakufunani. Akanunkhiza ili ankatonthola. Ndinkamugoneka pamenepa tsiku lililonse, m'chipinda mwanga, kuti ndiwerenge. Ankayamwa apa. Miyezi inayi. Si kaufa ayi. Si Amayi. Ndine."

Azakhali, amene pakamwa pawo sipankatsekeka ngakhale pakudya, anangoti kukamwa yasa. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono n'kufunda nsalu kumutu.

Ababa anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pasimenti. Chisamba anali asanawaonepo akulira mokweza, ngakhale kumanda. Tsopano analira ngati mwana.

"Ankafuna ine," ankatero. "Ankafuna fungo langa. Mayo ine! Ndinasiyira mwana ntchito ya munthu wamkulu chifukwa chothamangira basi. Dzenje la mphindi khumi! Mayi a Chisamba, ndikhululukireni. Ndinakukayikirani."

Koma Chisamba sankayang'ana Ababa. Ankayang'ana Amayi. Anayenda chogwada mpaka pamapazi awo.

"Amayi, ndimenyeni. Chonde ndimenyeni."

Amayi sanamumenye. Sanamudzutsenso. Anayang'ana kolala ija, n'kuyang'ana mwana wawo ngati munthu amene akumuona koyamba. Chisamba atagwira mpendero wa diresi lawo, iwo anasuntha phazi pang'ono, nsaluyo n'kupulumuka m'zala zake. Kusunthako kunali kochepa kwambiri, mwina ena sanakuone n'komwe. Chisamba anakumva mpaka m'mafupa.

Azaumoyo anaika jekete m'thumba lawo lochindikala n'kumanga. Anagwada pafupi ndi mtsikanayo.

"Wachita chinthu chimene akuluakulu ambiri amachilephera," anatero. "Lolemba nonse mubwere tidzakuyezeni magazi, makamaka iwe. Chipinda chija chisalowedwe mpaka titachiyeretsa. Koma ndiyankhe funso limodzi, ndipo uganize bwino. Nzeru imeneyi unauzako wina aliyense?"

Chisamba anatsegula pakamwa kuti akane. Kenako anakumbukira.

"Mnzanga wa m'kalasi," anatero. "Mwana wa akapitawo a kuntchito kwa Ababa. Kwawo kuli khanda la miyezi khumi, lolira kwambiri. Iyenso amalilera masana. Ankadandaula kuti akulephera kuwerenga, ndiye ndinamuuza kuti ayese malaya antchito a bambo ake."

"Liti?"

"Teremu yatha."

"Anayesa?"

"Anandithokoza. Anati zikuthandiza."

Chikwama cha Amayi chinagwa pansi, phi! Azaumoyo asanatole n'komwe kiyi wa njinga yawo, Amayi anali atatuluka kale, opanda nsapato. Atafika pageti anaima n'kucheuka. Sanati mwanangu. Sanatchule ngakhale dzina lake.

"Iwe," anatero. "Tsogola. Nyumbayo sindikuidziwa."

Chisamba anadzambatuka. Anathamanga patsogolo, Amayi pambuyo, osalankhulana. Anadutsa pagolosale, anadutsa pamalo owotcherera zitsulo, anaoloka msewu waukulu magalimoto akuwaimbira mahutala. Atakhota pa nyumba ya mpanda wa malata, Chisamba anatchera khutu akuthamanga. Khanda la akapitawo linkadziwika mzere wonsewo, kulira kwake kunkamveka munthu akadali kumsewu.

Pakhomopo panali zii.